Nsungwi za Bambo a Suzu

Nsanza zofiira zija ndinazing'amba ndekha. Inali nsalu yakale yokutira matiresi imene apongozi anga ankafuna kutaya. Ine ndinaichapa, ndi kuing'amba timizeretimizere, ndi kumangirira kamzere kamodzi kunsonga ya nsungwi iliyonse. Kusitolo amagulitsa maliboni owala opangira ntchito imeneyi, koma sindinaone chifukwa chogulira chinthu chimene ndili nacho kale m'nyumba.

Mwamuna wanga Shingo ankaperekeza alendo m'phiri la Hakkoda nyengo yachisanu. Pokwera ankazika nsungwizo m'chipale chofewa, motalikirana mwakuti ukaima pa imodzi uziona inzake. Potsika ankazizula. Kumtunda kuja kukagwa nkhungu, kumwamba ndi pansi zimangofanana mbee, ndipo mapazi ako mphepo imawafufuta usanacheuke. Nsungwi ndiye njira. Mafoni a m'manja nthawi imeneyo kwathu kunalibe, anthu ankadalira nsungwi ndi kawailesi kolankhulirana.

Ine ndinkagwira ntchito panyumba ya alendo ya mayi Osanai, pa akasupe otentha pamene msewu umathera ndipo njira ya kuphiri imayambira. Ndinkakolopa mabafa, kuyala zogonera, kutsuka mbale, mwana wanga Suzu ali kumsana. Sukulu ndinasiyira panjira nditaima pathupi pake, ndipo mayi Osanai okha ndi amene analola kulemba ntchito munthu wobereka khanda.

Tsiku limenelo kunacha bwino kwambiri. Shingo anali ndi mlendo mmodzi, bambo Shimoyama a ku Yokohama, ojambula zithunzi, amene ankafuna kukafika kumtunda kumene mitengo imakutidwa ndi chipale mpaka kuoneka ngati zimphona zoimirira. Ndinawapeza pakhomo akumanga kanjiki, timikombero tamitengo tija timamanga kunsi kwa nsapato kuti munthu asatitimire.

"Mwaika mabatire atsopano m'kawailesi?" ndinafunsa Shingo.

"Ndaika, bwana."

"Ndionetseni."

"Mayi a Suzu, ndamva kuti kupolisi akulemba anthu ntchito. Mukayese mwayi, mukutha bwino kufunsa mafunso."

"Fosholo?"

"Ili m'chikwama. Mpunga uli m'chikwama. Tiyi ali m'chikwama. Mkazi yekha ndiye wakana kukwana."

Bambo Shimoyama anaseka. Shingo anasenza mtolo wa nsungwi, anatsina Suzu tsaya, ndipo anati abwera dzuwa lisanapendeke chifukwa wailesi yanena kuti madzulo kusintha. Ananyamuka. Ine ndinabwerera kukakolopa.

Usiku wathawo panali patafika gulu la anthu achikulire ochokera mumzinda, amuna ndi akazi opuma ntchito, aulemu, oti akavula nsapato amazitembenuza okha. Anali a bungwe lotola zinyalala m'mapiri. Phiri lililonse limene akwera amatsika ndi matumba odzaza mabotolo ndi mapepala. Chilimwe ndiye anazolowera, koma chaka chimenecho anati ayeseko kuyenda pa chipale. Anabwereka kanjiki kwa mayi Osanai, anati sapita patali ndiye safuna wowaperekeza, ndipo ananyamuka dzuwa litakwera kale.

Titadya chamasana kunja kunayamba kusintha. Nsonga ya phiri inasowa, kenako mitengo ya kumtunda kwa dambo, kenako mphepo inayamba kugwedeza mawindo. Ndinali pakhomo ndikusesa chipale pamasitepe pamene achikulire aja anatulukira, masaya ali psuu, akuseka. Kutsogolo kunali mayi Fujikura, mayi wamfupi wa chipewa chobiriwira. Anali atakumbatira mtolo.

"Pepani mwana wanga," anatero, "zinyalala zazitali chonchi mumataya pati?"

Ndinayang'ana mtolowo. Mfundo zake zinali zanga.

"Mwazitenga kuti izi?"

"Kuyambira padambo pomwepa mpaka kumtunda uko. Anthu ena alibe manyazi, kungosiya zinthu m'paki ya boma ino ngati kwawo. Tatola zonse zimene tinaziona. Bambo akunyumba mpaka msana ukuwawa ndi kuwerama."

"Zonse?"

"Mpaka pamene tinabwerera. Chilimwe chatha tinatola zambiri zotere paphiri lina, zoola, a paki mpaka anatithokoza."

"Izi si zoola."

"Komatu nsalu zake ndi zosuluka. Tinati ndi za chaka chatha."

Ndinawalanda mtolowo, ndi kuumwaza pansi pakhomo pomwepo. Ndinkafuna nsungwi imodzi yokha, ndipo ndinkapemphera kuti ndisaipeze. Kumtunda kwa dambo njira imakhotera kumanzere chifukwa kutsogolo kuli chigwembe chakuya. Chipale chimatulukira m'mphepete mwake ngati denga la khonde, pamwamba pooneka bwinobwino, pansi popanda kanthu. Pamenepo Shingo ankazika nsungwi ya nsanza ziwiri. Ndinaipeza ili pakati pa zinzake, nsanza zake ziwiri zitanyowa.

Mayi Fujikura anali akumwetulirabe pang'ono, kudikira kuti wina awafotokozere. Mayi Osanai, amene anatuluka atamva nsungwi zikugwa, ndi amene anawauza. Ine ndinathamangira kuofesi kumene kunali kawailesi.

Ndinaitana kangapo. Munkangomveka phokoso ngati mafuta pamoto. Kenako mawu a Shingo anabwera, apansipansi.

"Ndikukumvani, mayi a Suzu. Ndimati ndikuitaneni. Pali zachilendo kuno. Ndaima pa nsungwi yanga, koma inzake sindikuiona. Ndazungulira ndi chingwe, palibe."

"Palibe. Zili kuno."

"Kuno kuti?"

"Pakhomo. Alendo aja azizula. Amati ndi zinyalala."

Ndinkamva mphepo yokha.

"Zonse?"

"Ndi ya nsanza ziwiri yomwe."

Ndinamva akuseka, kuseka kwakufupi kopanda mpweya. "Ndiye phiri layera bwino lero," anatero.

"Musaseke. Mukuona chiyani?"

"Ndikuona magolovesi anga. Bambo Shimoyama ndikuwamva, ali pachingwe kumbuyo kwangaku. Atopa."

"Simungatsike ndi kampasi?"

"Ndikalakwitsa pang'ono ndiponda pa denga lija, ndipo titsika tonse awiri msangamsanga kuposa mmene mukufunira. Ndikumba dzenje pompano. Tikhala m'menemo mpaka kuyere."

"Muli ndi mpunga wokwanira?"

"Kaho." Sankakonda kunditchula dzina. "Musabwere kuno. Mwamva? Ndikukudziwani. Uzani apolisi, kenako mukayamwitse mwana. Ndizimitsa kawailesika kuti mabatire asathe."

Anazimitsa ndisanayankhe.

Mayi Osanai anaimbira apolisi. Anati anyamuka, koma msewu wokwera kuno watsekeka ndipo adikira galimoto yokankha chipale. Ine ndinamasula Suzu kumsana, ndi kumuika m'manja mwa mayi Osanai.

"Ukupita kuti?" anandifunsa.

"Kukabweza nsungwi."

"Wapenga? Mwamuna wako wati chiyani?"

"Sanaone mmene ndikuonera ine. Nsungwi zazulidwa, zibwezedwe. Palibenso china."

Ndinavala jekete la Shingo lakale, ndinamanga kanjiki, ndinasenza mtolo. Njira ya padambo ndinkaidziwa, chilimwe ndinkathyolako ndiwo zakutchire. Ndinadutsa kuseri kwa mabafa, pamene nthunzi imanunkha mazira oola, ndinalowa m'mitengo yoyambirira. M'mitengo zinali bwino. Nditangotulukira padambo mphepo inandimenya m'chifuwa ndipo ndinagwada.

Ndinadzuka, ndinazika nsungwi yoyamba. Ndinayenda pang'ono, ndinazika ina. Ndinayendanso. Nditacheuka kuti ndione ngati zalunjika, sindinaone ngakhale imodzi. Ndinayang'ana pansi, mapazi anga kunalibe. Sindinkadziwa ngati ndikukwera kapena ndikutsika, mutu unkazungulira ngati ndili m'boti. Mawere anali atadzaza, mkaka unayamba kudontha m'malaya ndi kuzizira pamimba.

Ndinaima pamenepo nsungwi ya nsanza ziwiri ili m'dzanja. Ndikanaizika pati? Shingo amakhulupirira nsanza zanga. Akaona zofiira ziwiri, akhota, osafunsa. Ndikaizika polakwika ndiye kuti ndamutenga ndi dzanja langa kukamuponya m'chigwembe. Nsungwi yozikidwa polakwika ndi yoipa kuposa kusowa kwake.

Ndiye ndinachita zomwe anachita mayi Fujikura. Ndinakwawa chobwerera, ndikufufuza ndi manja, ndipo nsungwi iliyonse imene ndinazika ndinaizula. Ndinafika m'mitengo chifukwa cha fungo la akasupe basi. Nditalowa m'nyumba, mtolo uli paphewa monga ndinatulukira, palibe anandifunsa kanthu. Suzu anali akulira. Ndinakhala pafupi ndi mbaula, ndi kumuyamwitsa manja anga asanayambe kumva.

Apolisi opulumutsa anthu m'mapiri anafika chakumadzulo, kumbuyo kwa galimoto yokankha chipale. Mkulu wawo anali bambo Tateda, amene ankadziwana ndi Shingo kuyambira kale. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, anatuluka panja, anaima kanthawi, anabwerera akupukuta nkhope.

"Lero sitingakwere, mayi."

"Muli ndi zingwe. Muli ndi nyali."

"Tili nazo. Koma ndikatenga anthu anga m'mphepo iyi, mawa tidzakhala tikufuna anthu ambiri osati awiri."

"Nanga helikopita?"

"Iuluka bwanji m'zimenezi? Amuna anu ndi munthu wodziwa phiri. Ngati ati akumba dzenje, akumba labwino."

"Ndiye ine nditani?"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana mwana. "Tipangireni tiyi," anatero. Sanali kundinyoza. Panalibedi china choti andipatse.

Ndinapanga tiyi. Ndinaphika mpunga ndi kuumba timibulu toti apolisi adzanyamule kukacha. Ndinapukuta nsungwi zija ndi kuzimanganso mtolo bwinobwino. Pakhomo pa nyumba ya alendoyo pali belu lakale limene ankaliza kalekale kukagwa nkhungu. Ndinapita kukaliza mpaka mkono unatopa. Bambo Tateda anabwera kudzandiuza mofatsa kuti mphepo ikuchokera kuphiri, ndiye kulira kwa belulo kukupita kumsewu. Ndinati ndikudziwa, ndi kupitiriza.

Kutacha kunali chimodzimodzi. Mawindo anali oyera ngati wina wawamata mapepala. Kawailesi kanalankhula kamodzi m'mawa. Ndinangomva mawu ochepa, oti ali moyo, ndi oti bambo Shimoyama ataya golovesi pofuna kusintha filimu. Ndinafuula kuti abwereze, koma mawu anathera m'phokoso, ndipo sanabwerenso. Mabatire amafa msanga kukazizira, ngakhale atsopano. Zimenezi ndinkazidziwa, koma ndinakhalabe ndikukanikiza batani lija.

Basi imene inabweretsa achikulire aja sikanatha kutsika, ndiye anakhala nafe. Anasonkhana pakona ya chipinda chodyera, osayatsa wailesi yakanema. Chakudya ankangochigwiragwira. Mayi Fujikura anabwera kukhitchini kumene ndinkatsuka mbale, anagwada pansi pa simenti yonyowa, ndi kugunditsa chipumi pansi.

"Ndilibe mawu," anatero. "Ndine ndinayamba. Anzangawa anangonditsatira."

"Dzukani mayi, munyowa."

"Ndimenyeni ngati mukufuna. Ndikalipireni."

"Zindithandiza chiyani?"

"Ndiuzeni choti ndichite. Chilichonse."

Ndinaganiza ndithu, chifukwa ine ndine munthu woti ukandipatsa manja ndimawapezera ntchito. Koma ndinasowa. Sakanatha kukwera phiri, sakanatha kuletsa mphepo. Ndinawapatsa kansalu kopukutira mbale. Anapukuta mbale tsiku lonse, ngakhale zouma kale, misozi ikugwera m'mbalemo, ine ndi kumazitsukanso. Nthawi ina anafunsa ngati angamunyamuleko Suzu. Ndinakana.

Apongozi anga anaimba foni kuchokera kumudzi. Anafunsa ngati Shingo anavala masokosi aubweya amene anamulukira. Ndinati anavala. Anafunsanso kuti zatheka bwanji kuti anthu azule nsungwi za munthu masana dzuwa likuwala. Ndinati ankayesa za chaka chatha chifukwa nsalu zake zinali zosuluka. Nsaluyo ankaidziwa, inali yawo. Kenako anati, "Ngakhale ikanakhala yatsopano, anthu a mumzinda akanazulabe." Sindikudziwa ngati ndi zoona. Ndinathokoza, ndi kuika foni pansi.

Mayi Osanai anandikakamiza kudya. Anati, "Ukapanda kudya mkaka uuma, ndiye tikhala ndi mavuto awiri." Ndinadya. Ndinakolopa mabafa onse ngakhale panalibe amene anasambamo. Ndinachapa matewera. Ndikaima pang'ono ndinkayamba kuwerengera zinthu zimene zinali m'chikwama cha Shingo, kuti tiyi atha liti, kandulo itha liti, munthu amene wataya golovesi amupatsa chiyani. Ndinkadziwa kuti amupatsa lake. Ndi mmene alili. Mlendo ndi mlendo.

Mphepo inaleka m'mawa wotsatira, mwadzidzidzi, ngati wina watseka chitseko. Phiri linaonekera lonse, loyera, lokongola mopanda manyazi. Apolisi ananyamuka kusanawale bwino. Bambo Tateda anatenga mtolo wa nsungwi uja, anati auzika pokwera. Ine ndinaima kuseri kwa mabafa, Suzu kumsana, ndikuwaona akuchepa padambo, timadontho tofiira tikutsalira kumbuyo kwawo pamzere wowongoka. Kunali kosavuta chonchi. Mwana wasukulu akanatha kuyenda njira imeneyo.

Anawapeza dzuwa lisanafike pamutu. Shingo anali atazika fosholo pamwamba pa dzenje, ndi kumangirirapo nsanza ya nsungwi yake yomaliza. Bambo Tateda anadzandiuza pambuyo pake kuti dzenjelo linali pafupi kwambiri ndi pokhotera paja, poti munthu ataima pamene panali nsungwi ya nsanza ziwiri akanatha kuwaponyera mpira. Akanaiona, akanafika kunyumba nthawi ya tiyi.

Anawatsitsa powakoka pa machira. Bambo Shimoyama ankalira ndi kuthokoza aliyense, atavala golovesi la mwamuna wanga kudzanja lamanja. Shingo anali maso. Milomo inali itang'ambika, dzanja lake lamanja atalikulunga. Ndinawerama kuti andione.

"Mabatire anu aja," ananong'ona, "mukawabweze kusitolo."

"Khalani chete."

"Simunabwere kumtunda?"

"Ndinafika padambo."

"Ndinadziwa." Anatseka maso.

Kuchipatala cha mumzinda anayesa kwa masabata angapo, koma zala zitatu za kudzanja lamanja zinada ndipo anazidula, pamodzi ndi zina za kuphazi. Chala chachikulu ndi cholozera zinatsala, koma sizigwira mwamphamvu. Munthu amene sangamange mfundo pachingwe sangaperekeze alendo m'phiri. Palibe amene anamuuza zimenezi, anadziwa yekha. Pano amakhala pa kauntala ya mayi Osanai, kulandira alendo ndi kuwabwereka kanjiki. Akamawaonetsa kamangidwe kake amaitana ine.

Mayi Fujikura anabwera kuchipatala ndi bokosi la makeke a nyemba, atavala zakuda ngati akupita kumaliro. Anagwadanso. Shingo anawauza kuti adzuke, kuti nsungwi zosiyidwa m'phiri zilipodi zambiri ndipo iye mwini zimamunyansa. Anadya keke imodzi pamaso pawo, akuigwira ndi dzanja lamanzere. Atapita ndinamufunsa chifukwa chake.

"Nanga ndikanatani? Ndiwalume?" anatero. "Zala sizimera."

Mpaka lero amatumiza bokosi nyengo yachisanu ikamayamba, ndi kakalata kopepesa. Ine sindiyankha. Makekewo timadya, chifukwa chakudya sichitayidwa.

Apolisi anandibwezera nsungwi zija zonse. Zinakhala pakona pakhomo pathu mpaka chipale chinasungunuka, ndipo tsiku lililonse ndinkazilambalala ndi tsache. Shingo anati ndizitenthe. Ine ndinati nsungwi zabwinobwino sizitenthedwa. Nditadzala nyemba kuseri kwa nyumba ndinazizika m'mizere kuti nyembazo ziyangepo. Nsanza ndinazimasula, ndi kumangira nazo mitengo yopingasa. Shingo anabwera kudzandithandiza, anagwira nsanza imodzi, anayesa kuizunguliza, inapulumuka. Anayesanso ndi mano. Ndinamusiya ayese mpaka anatopa yekha, kenako ndinamuuza kuti azingondigwirira nsungwi, ine ndizimanga.

Ya nsanza ziwiri ija ndinaizika kumapeto kwa mzere, pamene munda umathera ndipo ngalande imayambira, kuti Suzu akadzayamba kuthamanga azidzadziwa pokhotera.